Laputopu yakale ikuchedwa: SSD yotsika mtengo tigule iti?

Madam wa ku Khombedza: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi vuto, ndikudziwa kuti muno muli odziwa za makompyuta. Ndili ndi Dell Latitude E6430, ndinagula yogwiritsidwa kale ntchito zaka zinayi zapitazo. Ndi imene ndimatayipira mayeso, ma scheme, komanso malikisi onse a Form 3 ndi Form 4 ali momwemo. Masiku ano ndikaiyatsa ndimatha kukatereka madzi pamoto, pobwera ikadali kuzungulira. Word kuti itseguke ndiye mphindi zingapo. Mwana wa achimwene anga akuti ndigule SSD, koma sanandiuze kuti yotani, ndipo ndalama ndili nayo ndi yochepa. Mayeso a kumapeto kwa teremu ayandikira. Ndithandizeni chonde.

Mmisiri wa pa Kamuzu Road: Taswera Madam. Musanatulutse ndalama tiyeni tione kaye ngati vuto lilidi disk. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, patseguka Task Manager. Pitani pa Performance, mutiuze zimene zalembedwa pa Disk ndi pa Memory. Mutiuzenso kuti disk yanu ndi yaikulu bwanji ndipo mwadzazamo zochuluka bwanji.

Madam wa ku Khombedza: Pa Disk pakulemba 100% osatsika, chonsecho sindinatsegule kalikonse. Memory ndi 4 GB. Disk ndi ya 500 GB, zimene zilimo zikukwana 310 GB.

Mmisiri wa pa Kamuzu Road: Basi matenda tawapeza. Mwanayo wakuuzani zoona: hard disk yanu ndiyo ikuchedwetsa, ndipo SSD ndi disk yothamanga yolowa m'malo mwake.

Mnyamata wa ku Chipoka: Madam musavutike, gulani SSD ya mtundu wa NVMe. Ine ndinaika mu yanga, imathamanga kupitirira 3,000 MB pa sekondi. Za SATA zija ndi zachikale, zimathera pa 550. Ngati mukugula kamodzi gulani yothamanga.

Mmisiri wa pa Kamuzu Road: Achimwene, manambala mwanenawo ndi oona, koma akagula NVMe akaika pati? E6430 ndi makina a 2012, mulibe malo a M.2 mmenemo. Akabwera nayo kuno kachitsulo kakeko kangokhala m'thumba. Imene ikulowa mu laputopu ya Madam ndi SSD ya SATA ya mainchesi 2.5, yooneka ngati kabokosi kaphanthi, yofanana kukula ndi hard disk imene ilimo panopa. Mumamasula tima screw pansi, kusolola yakale, kulowetsa yatsopano pomwepo. Ndikunena izi motsindika chifukwa anthu angapo abwerapo pa benchi panga atagula kale cholakwika ku Lilongwe, ndipo wogulitsa akaona kuti paketi yatsegulidwa salola kubweza.

Mnyamata wa ku Chipoka: Aaa pepani, sindinaone kuti ndi model yakale choncho. Ndiye M.2 ndi NVMe si chinthu chimodzi?

Mmisiri wa pa Kamuzu Road: Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera. M.2 ndi kaumbidwe chabe, kaja kooneka ngati chingamu chachitali. Yofala ndi 2280, kutanthauza mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali. Koma pa kaumbidwe komweko pali za mitundu iwiri: ina imalankhula chinenero cha SATA, ina cha NVMe. Ya SATA kawirikawiri imakhala ndi mipata iwiri kumano kwake, ya NVMe mpata umodzi. Laputopu ina ili ndi malo a M.2 koma imamva SATA yokha, mukaikamo NVMe siiona n'komwe. Ndiye aliyense amene akuwerenga izi, musagule musanafufuze model ya makina anu kapena kutsegula pansi n'kuona ndi maso.

Madam wa ku Khombedza: Zikomo, zolowa ndi zosalowa ndamva. Koma ndifunse, ngati ya 550 ndi yotsalira chonchi, ndidzaona kusintha kwenikweni? Ndikuopa kutaya ndalama ya ufa wa mwezi pa chinthu choti kusiyana kwake n'kochepa.

Wophunzira wa ku Senga Bay: Madam mudzaona, ndipo mudzadabwa. Ndifotokoze mmene ndimamvera ine. Mu hard disk muli mbale yozungulira, za m'malaputopu zambiri zimazungulira ka 5,400 pa mphindi, ndi kamkono kamene kamayenda pamwamba pa mbaleyo kufunafuna pamene pali fayilo. Windows ikamayaka siwerenga fayilo imodzi yaikulu, imawerenga tizidutswa masauzande tomwazikana paliponse. Zili ngati mwatuma mwana mmodzi pamsika wa Kamuzu Road kuti akagule tomato, abwere, apitenso kukagula mchere, abwere, apitenso kukagula usipa. Nthawi yonse ikuthera m'njira. SSD ilibe choyenda m'kati, ndi ma chip okhaokha, chilichonse chili pafupi ngati zonse zili m'lichero limodzi pamiyendo panu. Hard disk imatenga mamilisekondi oposa 10 kuti ingofika pamene pali chinthu, SSD siikwanitsa ngakhale milisekondi imodzi. Kusintha kwakukulu kuli pamenepo, pochoka pa mbale kupita pa chip. Kuchoka pa SATA kupita pa NVMe, munthu wa Word ndi Excel sangasiyanitse kwenikweni. Nambala ya 3,000 ija imaoneka pokopera mafayilo akuluakulu ngati mavidiyo.

Amayi a fotokope: Ine ndingochitira umboni. Kompyuta ya pa shopu panga inkandichititsa manyazi, kasitomala ataima ndi fulashi yake ine ndikudikira kuti foda itseguke, mpaka ena ankapita kwa anzanga a tsidya lija. Ndinaikitsa Kingston A400 ya 480 GB, chaka chachitatu tsopano, ikugwira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Sinandivutepo.

Koma Madam ndikuchenjezeni ndi zimene zinandionekera ndisanagule imeneyi. Ndinaona munthu akutsatsa pa intaneti SSD ya 2 TB pa mtengo wotsika kuposa wa 500 GB ya m'sitolo. Mtima unathamanga, ndinatumiza ndalama, katundu anabwera pa minibasi. Titalumikiza, Windows inaonetsadi malo ambirimbiri. Ndinayamba kusungamo ntchito za makasitomala, ma CV, makalata a mipingo, mapulogalamu a maukwati. Patapita masabata angapo ndikutsegula mafayilo, ena akukana, ena muli zilembo zosamveka. Amisiri atatsegula kabokosiko anapeza m'kati muli ka memory card kakang'ono, anangokanamiza kuti kazinena kuti ndi 2 TB. Zinandipweteka kwambiri chifukwa munali ntchito ya mayi wina amene anailemba kwa miyezi, ndipo pepala loyambirira anali atataya. Wogulitsayo foni inasiya kupezeka.

Bambo a ku Nkhotakota: Pepani amayi, zimenezo ndi zowawa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, Madam mwachita bwino kufunsa musanagule. Inenso ndili ndi funso langa pa nkhani yomweyi. Kwathu kuno magetsi amatha kuthima kangapo patsiku. Ndinamva kuti SSD magetsi akathima mwadzidzidzi imafa pompo. Ndi zoona?

Mmisiri wa pa Kamuzu Road: Bambo, kuthima kwadzidzidzi sikukomera disk ya mtundu uliwonse. Chimene chimaonongeka kawirikawiri ndi fayilo imene inkalembedwa nthawi imeneyo, nthawi zina Windows imene. Kuti SSD ife yonse zimachitika koma si kawirikawiri. Pa laputopu nkhawa ndi yochepa chifukwa batire imagwira magetsi akapita. Pa desktop ndiye pamafunika UPS, bokosi la batire logwirizira magetsi akathima, ngakhale yaing'ono yongokupatsani mphindi zoti musunge ntchito n'kuzimitsa bwinobwino. Madam batire yanu ikadali moyo?

Madam wa ku Khombedza: Imasunga mwina mphindi 20 basi.

Mmisiri wa pa Kamuzu Road: Zokwanira kuzimitsira mwaulemu. Ndiye pali ubwino wina umene sitinatchule. Inu mumakwera njinga yamoto popita kusukulu, laputopu ili m'chikwama, msewu wake mabampu. Hard disk imadana ndi kugwedezeka, makamaka ngati simunazimitse kwenikweni mwangotseka chivindikiro. Ma disk ambiri amene ndimachotsa muno anafa ndi zimenezo. SSD zoterezi siziikhudza. Kutentha kwa kuno kunyanja mu October ndi November nakonso musade nako nkhawa, zambiri zimalembedwa kuti zimagwira ntchito mpaka madigiri 70. Chimene chimavutika ndi kutentha mu laputopu yanu ndi fan yodzaza fumbi, tidzaipukuta tsiku lomwelo.

Wophunzira wa ku Senga Bay: Pa za mtundu, ine ndikanakonda Madam akanagula Samsung 870 EVO. Ili ndi DRAM, warranty yake zaka 5, ndipo ya 500 GB analemba kuti imapirira 300 TBW. Kingston A400 ndi Crucial BX500 zilibe DRAM.

Madam wa ku Khombedza: Apa ndiye mwandisiya m'mbuyo ana anga. DRAM ndi TBW ndi chiyani?

Wophunzira wa ku Senga Bay: Pepani Madam. SSD imasunga ndandanda yosonyeza kuti chinthu chakuti chili pa chip iti, ngati register ya m'kalasi. Imene ili ndi DRAM imakhala ndi kamemory kapadera kothamanga kosungira ndandandayo, ndiye siifooka ikapanikizidwa ndi ntchito zambiri nthawi imodzi. Yopanda DRAM imachita pang'onopang'ono mukamakopera zinthu zambirimbiri kapena ikatsala pang'ono kudzaza. TBW ndi kuchuluka kwa zinthu zimene mungalembemo pa moyo wake wonse malinga ndi lonjezo la opanga, chifukwa ma chip amenewa amatha pang'onopang'ono akamalembedwa.

Mmisiri wa pa Kamuzu Road: Zonse wanena mnyamatayu ndi zoona, 870 EVO ndi katundu wabwino, ndipo amene ali nayo ndalama agule. Koma tiyeni tiwerengere limodzi. A400 ya 480 GB analemba 160 TBW, warranty zaka 3. Tinene kuti Madam akulemba 20 GB tsiku lililonse, zimene munthu wa Word ndi Excel safika n'komwe. 160 TBW ndi 160,000 GB, kugawa ndi 20 ndi masiku 8,000, zaka pafupifupi 22. Laputopu ya 2012 idzakhala itapuma kalekale. Ndiye kulipira ndalama yoonjezera chifukwa cha TBW, kwa Madam, ine sindikuona phindu lake. Ndalama yotsalayo ndi bwino ipite ku RAM, Memory ija mwati ndi 4 GB. Makina amenewa ali ndi malo awiri a DDR3, kuonjezera 4 GB ina kuti ikhale 8 GB kudzathandiza kwambiri akatsegula Chrome ndi Word pamodzi, kuposa kusiyana kwa DRAM kuja.

Chinanso, dzina la Samsung ndi limene akuba amakonda kusindikiza pa zabodza chifukwa limagulika. Mukaona 870 EVO pa mtengo wofanana ndi wa A400, dziwani kuti pali chinachake. Kingston nazonso zabodza zilipo. Ndiye kwa ine funso loyamba si dzina, ndi kumene mukugula.

Wophunzira wa ku Senga Bay: Pa RAM ndavomera. Koma ndikuumirirabe pa chimodzi: asagule za mayina osadziwika zija zimene dzina lake ngakhale mufufuze simupeza kampani yake. Zina amaikamo ma chip otsalira. Kusiyana kwa mtengo ndi Kingston, Crucial kapena WD sikukhala kwakukulu moti munthu n'kuikapo malikisi a ana.

Mmisiri wa pa Kamuzu Road: Pamenepo tili limodzi.

Achimwene a ku Lifuwu: Koma abale, bwanji osangogulitsa yakaleyo n'kugula laputopu ina? Windows 10 inasiya kulandira ma update pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna processor ya Intel ya 8th generation kupita m'tsogolo. Ya Madam ndi ya 3rd. Mukukonza nyumba yoti igwa.

Amayi a fotokope: Achimwene, mitengo ya malaputopu mwaiona chigwetsereni kwacha ndi 44% mu November 2023? Mphunzitsi aitenga kuti ndalama imeneyo mwezi uno, mayeso ali pakhomo? Munthu wafunsa za nsapato, inu mukumuuza agule galimoto.

Achimwene a ku Lifuwu: Sindikutsutsa amayi, ndimangofuna adziwe kuti nkhani ya Windows ilipo.

Mmisiri wa pa Kamuzu Road: Mwachita bwino kuitchula, ndi yoona, ndipo Madam asamale ndi zotsegula pa intaneti ndi mafulashi a anthu. Koma SSD ya SATA si ndalama yotayika. Tsiku limene adzagule makina ena, adzaichotsa n'kuiika m'kabokosi ka USB, kapena m'makina atsopanowo ngati ali ndi malo ake.

Madam wa ku Khombedza: Laputopu ina chaka chino ayi, ana awiri ali ku sekondale. Tsono kukula kwake, ndaona kuti ya 240 GB ndi yotsikirapo mtengo. Singandikwane?

Mmisiri wa pa Kamuzu Road: Mwanena kuti muli ndi 310 GB. Zambiri mwa izo ndi chiyani?

Madam wa ku Khombedza: Ndayang'ana. Za kusukulu sizikufika ngakhale 15 GB. Zina zonse ndi mavidiyo a ukwati wa mng'ono wanga, nyimbo za kwaya ndi zithunzi za zaka zambiri.

Mmisiri wa pa Kamuzu Road: Ndiye njira zilipo ziwiri. Ya 240 ikhoza kukwana Windows, Office ndi za kusukulu, mavidiyo n'kutsala mu disk yakale imene tidzaiike m'kabokosi ka USB. Imagwira ntchito, ndachitira anthu ambiri. Koma ngati kusiyana kwa mtengo mungakukwanitse, tengani ya 480 kapena 500. SSD, makamaka yopanda DRAM, siikonda kudzazidwa mpaka pakamwa, imafuna musiye mwina gawo limodzi mwa magawo asanu lopanda kanthu. Ya 240 mukaika Windows ndi ma update ake, foni n'kutsitsiramo zithunzi kawiri katatu, mupeza yafiira. Ya 120 yokha musayerekeze ngakhale atakutsitsirani bwanji.

Mnyamata wa ku Chipoka: Nanga zogwiritsidwa kale ntchito? Pali anyamata amagulitsa zochotsa m'malaputopu owonongeka, zina ndi Samsung zenizeni.

Mmisiri wa pa Kamuzu Road: Zimenezo ndimagula ine amene ndingaziyeze ndisanalipire. Pali pulogalamu yaulere, CrystalDiskInfo, imaonetsa maola amene disk yagwira ntchito, zimene zalembedwamo ndi thanzi lake. Ngati wogulitsa akukana kuti muilumikize muone, siyani. Kwa Madam ndikuti yatsopano, ya mu paketi yomata, ndi lisiti lolembedwa serial number ndi miyezi ya warranty imene sitoloyo ikupereka. Zaka 3 za pa paketi ndi za opanga, ndipo kutumiza katundu kunja kuchokera ku Salima si zapafupi. Chimene chingakuthandizeni ndi pepala la sitolo imene mungaipeze mawa ili pomwepo.

Amayi a fotokope: Ndipo osatumiza ndalama pa foni kwa munthu amene simunamuone. Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100 okha, ngati simungapite tumani wachibale akalowe m'sitolo yeniyeni, ajambule paketi akutumizireni musanalipire.

Wophunzira wa ku Senga Bay: Ikafika muiyeze ndi H2testw musanaikemo kanthu. Imadzaza disk yonse ndi zinthu kenako n'kuziwerenganso, ndiye ngati ndi yonama ngati ija ya amayi a fotokope, imagwidwa tsiku lomwelo lisiti likadali latsopano. Imatenga nthawi koma ndi kamodzi kokha.

Madam wa ku Khombedza: Mlamu wanga amagwira ntchito ku Lilongwe, abwera Lachisanu. Ndamutumizira zonse mwalembazi. Funso lomaliza, zinthu zanga zidzasamuka bwanji? Ndikuopa kutaya malikisi.

Mmisiri wa pa Kamuzu Road: Lero lomwe, musanachite china chilichonse, koperani foda ya kusukulu pa fulashi ndipo mafayilo a malikisi mudzitumizire pa email. Disk imene ikukhala pa 100% nthawi zonse mwina yayamba kale kudwala. Pa kusamutsa, tikhoza kukopera disk yonse mmene ilili ndi pulogalamu ngati Clonezilla, koma ine pa makina amene alowamo mafulashi a staff room yonse kwa zaka zinayi ndimakonda kuika Windows yatsopano, kenako n'kubweza mafayilo anu okha. Mukakopera yonse mumasamutsa ndi ma virus omwe.

Ndipo ichi aliyense achimve. Hard disk ikamafa nthawi zambiri imachenjeza, imalira, imachedwa, mumapeza mpata wopulumutsa zinthu. SSD ikhoza kugwira bwino usiku, m'mawa osaonekanso, ndipo kubweza zimene zinali m'menemo n'kovuta kwambiri. Ngakhale fayilo imene mwafufuta mwangozi n'kuichotsanso mu Recycle Bin, pa SSD kawirikawiri siibwerera, chifukwa imayeretsa yokha malo amene mwafufuta. Ndiye chofunika chilichonse chizikhala malo awiri.

Bambo a ku Nkhotakota: Izi ndalemba pa pepala. Ndidzabwera nayo desktop ya ku ofesi ya mpingo mwezi wa mawa.

Madam wa ku Khombedza: Mwadzuka bwanji nonse. Ndabweranso. Mlamu wabweretsa Kingston A400 ya 480 GB, lisiti lilipo, ndipo dzulo amisiri andiikira pamodzi ndi RAM ina ya 4 GB. Ndikayatsa, ndisanakhale n'komwe bwino pampando yafika kale. Word ikutseguka ngati ndatsegula buku. Usiku ndatayipa mapepala awiri a mayeso osaima. Koma chinthu chimodzi chandidetsa nkhawa: pa This PC ikulemba 446 GB, osati 480. Kodi sanatibere ngati amayi aja?

Wophunzira wa ku Senga Bay: Ayi Madam, mtima m'malo. Opanga amawerenga 1 GB ngati ma byte 1,000,000,000, pamene Windows imawerenga m'magulu a 1,024. Ndiye 480 imaoneka ngati 447, ndipo Windows imadulako pang'ono pa zake. Ya 500 imaoneka 465, ya 240 imaoneka 223. Ndi mmene zilili kwa aliyense.

Mmisiri wa pa Kamuzu Road: Ndipo tinaiyeza ndi H2testw isanalowe, yadutsa yonse popanda cholakwika. Koma Madam, disk yanu yakale ija CrystalDiskInfo ikulemba Caution, muli malo ena oonongeka. Musaidalire ngati mosungira. Mavidiyo a ukwati ndakoperani kale mu SSD, atatu okha ndi amene akana kutseguka. Mufunse mng'ono wanu ngati ali nawo.

Madam wa ku Khombedza: Ali nawo pa foni ya amuna ake, ndamuimbira. Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Mnzanga wophunzitsa masamu ali ndi HP yochedwanso chimodzimodzi, ndamuuza alowe pagulu pano.

Mmisiri wa pa Kamuzu Road: Auzeni atembenuze laputopuyo ajambule ka sticker ka pansi kamene pali model, atumize pano tione kaye chimene chikulowa.